Ntchito za pakhomo zimene sizioneka ndi maso

Anthu ambiri obwera kudzapempha uphungu wa m'banja sayamba ndi nkhani ya kuchapa kapena kuphika. Amadandaula kuti mnzawo sachedwa kupsa mtima, kapena kuti chikondi chazirala. Koma tikafunsitsa mmene tsiku lawo limayendera, nthawi zambiri timapeza kuti mmodzi ndiye amadzuka mbandakucha n'kugona mochedwa, pamene winayo sadziwa n'komwe kuti sopo watha liti.

Mu 2018, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linanena kuti pa tsiku mkazi amathera maola 4 ndi mphindi 25 pa ntchito zosamalira banja zosalipidwa, pamene mwamuna amathera ola 1 ndi mphindi 23. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, komabe mawerengedwe a maola sagwira ntchito ina yolemera kwambiri, yomwe ndi kukumbukira. Allison Daminger, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anafotokoza mu 2019 kuti ntchito ya m'mutuyi imaphatikiza kuoneratu chimene chidzafunike, kufufuza njira, kusankha, ndi kulondoloza ngati chachitikadi, ndipo anapeza kuti kuoneratu ndi kulondoloza kumagwera kwambiri akazi.

Taganizirani za tsiku la katemera wa mwana. Bambo akhoza kumunyamula mwanayo kupita naye kuchipatala, ndipo achita bwino. Koma amene anasunga tsikulo m'mutu, kufunafuna khadi la mwana, kulongedza zovala zosinthira, n'kumadzuka usiku kumukhudza pachipumi kuti amve ngati watentha thupi, wagwira ntchito imene palibe anaiona, choncho palibenso woyamikira.

Apa m'pamene ubale umayambira kuwonongeka. Wokumbukira zonse amasanduka kapitawo m'nyumba mwake, chifukwa chilichonse chimadikira kuti iye anene. Wotumidwayo amayamba kumva ngati akumulongololera, ndipo amayankha kuti, "Mukanandiuza ndikanachita," osazindikira kuti kuuzako ndiye mtolo weniweniwo. Mkwiyo wotere suphulika tsiku limodzi. Umaunjikana mpaka anthu awiri okondana amangolankhulana zotumana basi.

Sindilangiza mabanja kugawa ntchito pakati ndi pakati, chifukwa thanzi, maola a kuntchito ndi msinkhu wa ana zimasiyana, ndipo chimene chimasunga mtendere n'chakuti onse awiri aone kuti kagawidweko n'kachilungamo. Ndimalangiza kuti munthu atenge ntchito yathunthu pamodzi ndi kukumbukira kwake. Wochapa adziwe yekha kuti yunifolomu ikufunika Lolemba. Woitula ntchitoyo nayenso apirire, asabwereze kupinda zovala zimene mnzake wapinda kale, pakuti wodzudzulidwa nthawi zonse amagwa ulesi n'kusiya.

Ana nawo alowe m'kagawidwe kameneka molingana ndi msinkhu wawo, osati potengera kuti uyu ndi mtsikana kapena mnyamata. Mtsikana akamatsuka mbale tsiku ndi tsiku mlongo wake akusewera, amasunga chakukhosi, ndipo nthawi yake yowerenga za kusukulu imachepa.