Foni ndi radiation: mafunso ndi mayankho pa malire a SAR

SAR ndi chani kodi?

Ndi muyezo wa mphamvu ya mafunde (radiation) a foni imene thupi limayamwa mukaigunditsa kukhutu kapena ili m'thumba. Ku America bungwe la FCC, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, linaika malire pa 1.6 W/kg (ma watt pa kilogalamu ya thupi), ku Ulaya ndi 2 W/kg pamutu, potsatira malangizo a ICNIRP, bungwe la akatswiri oona za chitetezo ku radiation yotere. Foni yoposa apo siyenera kugulitsidwa.

Lamuloli limagwiradi ntchito kapena ndi la papepala chabe?

Limagwira ndithu. Mu 2023 dziko la France linaimitsa malonda a iPhone 12 atayeza n'kupeza 5.74 W/kg foni ili m'manja kapena m'thumba, pomwe malire a pamenepo ndi 4, ndipo Apple inachita kutulutsa update yotsitsa mphamvuyo.

Nanga zoti imayambitsa khansa ya muubongo?

Apa mpamene mantha ambiri agona. Mu 2011 IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, inaika mafunde a foni mu gulu 2B, kutanthauza kuti mwina angayambitse khansa, umboni wake ngochepa, koma anthu anangomva mawu oti khansa basi nkhani n'kuyamba kuzungulira pa WhatsApp. Radiation ya foni si yofanana ndi ya X-ray, ilibe mphamvu yothyola DNA (malangizo a chibadwa a m'maselo athu), chomwe imachita ndi kutenthetsa khungu pang'ono zedi, ndipo kufunda mumamva patsaya mukacheza nthawi yaitali kwambiri kumachokera ku batire. Mu 2024 akatswiri omwe WHO inawatuma anaunika kafukufuku 63 ndipo sanapeze kugwirizana pakati pa foni ndi khansa ya muubongo, ngakhale kwa omwe aigwiritsa ntchito zaka zoposa 10.

Tawala ya netiweki ili kuseli kwa nyumba yathu, tisamuke?

Ayi musasamuke. Mphamvu imatsika msanga ndi mtunda, ndiye foni ili pakhutu imakupatsani zambiri kuposa tawalayo. Chinanso, netiweki ikakhala yofooka foni imadzikoka kuti ifikire tawala yakutali, apo mpamene imatulutsa mphamvu yochuluka. Zimandiwawa kuti mu 2020 ku Britain anthu anawotcha matawala ati 5G ikufalitsa Covid, chonsecho kachilombo sikayenda pa mafunde a wailesi.

Mtima ukakanabe kukhala pansi nditani?

Gwiritsani ma earphone kapena loudspeaker, imbani pomwe netiweki yadzadza, ndipo tizomata togulitsidwa pamsika toti timatchinga radiation tisiyeni, tikatchinga siginolo foni imangowonjezera mphamvu.