Dzina la pachifuwa limasintha, Maule ndi Manoma sasintha

Ukafunsa mkulu wa ku Ndirande kuti amasapota timu yanji, mwina anena kuti Bata Bullets. Mwana wake anena Bakili Bullets, mdzukulu FCB Nyasa Big Bullets (FCB ndi banki ya First Capital). Onsewa akunena timu imodzi ya mpira, yotchedwanso Maule, ya makaka ofiira ndi oyera, imene inayamba mu 1967 pamene osewera ena anagalukira ku Wanderers, yotchedwanso Manoma. Udani wa matimu awiri a mu Blantyre unayambira pomwepo, ndi wa pachibale.

Ku Malawi wothandiza timu sakhutira ndi kulemba dzina lake pa jezi basi. Amalowetsa dzinalo m'dzina la timu. Bullets yakhalapo Bata, Total, Bakili, kenako Nyasa, dzina la kampani yopanga ndudu ya Nyasa Manufacturing imene inadzatenga timuyi kukhala yake. Wanderers, yomwe inayamba mu 1962, yadutsa m'maina a Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Chifukwa chake n'chosavuta: kwa zaka zambiri anthu ankatsatira mpira pa wailesi, ndipo pa wailesi jezi sioneka. Chimene chimamveka ndi dzina limene woulutsa akulitchula mphindi 90 zonse.

Nthawi ya Bakili Bullets ndiyo imaonetsa bwino ubwino ndi kuopsa kwa dongosololi. Mu 2003 Bakili Muluzi, ali pulezidenti wa dziko, anayamba kuthira ndalama mu timuyi. Inagula osewera abwino, ndipo mu 2004, pansi pa mphunzitsi Kinnah Phiri, inatulutsa Orlando Pirates n'kulowa m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, komwe inakumana ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Thandizolo litaphwa, osewera anamwazikana, timu inatsala ndi dzina la Big Bullets ndi ngongole. Ndalama zonse zinkachokera m'thumba limodzi, ndipo panalibe bwalo la timu kapena malonda ena oti n'kutsamirapo.

Komabe Bullets sinafe, ndipo apa ndi pamene pali kusiyana. MDC United ndi ESCOM United zinatengapo ligi, koma zinali ngati nthambi za makampani ake. Osewera ankadalira malipiro a kampani, basi yoyendera inali ya kampani, ochemerera ambiri anali antchito a komweko. Kampani ikati bajeti yathina, timu imatsika n'kuzimirira chifukwa palibe khamu loti lisonkhe kapena kuchita phokoso. Maule ndi Manoma ali ndi eni ake enieni m'mataunishipi, anthu amene amadzaza bwalo la Kamuzu ngakhale pachifuwa pa jezi palibe chilembo.

Pa mtundu wa makaka ndiye ochemerera safuna zoseweretsa. Dzina amalolera kuti ligulidwe, mtundu ayi. Wanderers itayamba kuvala ya olenji potsatira mtundu wa Be Forward, kampani ya ku Japan yogulitsa magalimoto, Nyerere zambiri, ochemerera a timuyi, zinkabwerabe ku bwalo zitavala buluu. Ligi ya 2017 anaitenga ali Be Forward, koma ku Lali Lubani, kwawo kwa timuyi, nyimbo zinali za Manoma.

Chigawo chapakati chinadzera njira ina. Kumeneko matimu akuluakulu ndi a mabungwe a boma: Silver Strikers ya Reserve Bank, Civo ya ogwira ntchito m'boma, Blue Eagles ya apolisi, Kamuzu Barracks ya asilikali imene inatenga ligi mu 2016. Malipiro amakhala odalirika, dzina silisintha potsatira wothandiza, koma ochemerera savuta kuwawerenga, kupatula a Silver. Bullets ikabwera ku Lilongwe bwalo la Bingu limafiira ngati ili kwawo.

Kumpoto nkhani ndi ya mtunda. Makampani aakulu malikulu awo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo akamasankha timu amawerengera kumene kuli makasitomala. Pamene timu ya ku Karonga kapena ku Chitipa ndiyo imafunika ndalama zambiri: ulendo wa ku Blantyre ndi makilomita oposa 800 kupita kokha, kuphatikiza mafuta, malo ogona ndi chakudya cha anthu oposa 20. Nthawi zambiri imasewera masewero awiri pa ulendo umodzi, Loweruka ndi Lamulungu kapena patangopita masiku ochepa, kuti ipulumutse ndalama, ndipo miyendo imalemera m'masewero achiwiriwo. Amalonda a m'deralo amasonkha, anthu amadzaza bwalo la Karonga chifukwa timuyo ndi dzina la boma lawo, koma zosonkha sizifika kumapeto kwa sizoni. Moyale Barracks ya ku Mzuzu imapirira chifukwa ili ndi asilikali kumbuyo kwake. Kuchokera pamene Super League inayamba mu 1986 kufika mu 2024, chikho cha ligi sichinakwerepo kumpoto.