Ukapolo unatha mu 1865 koma tsankho silinathe nawo

Ambiri timaganiza kuti ukapolo utathetsedwa ku America mu 1865 ndiye basi, anthu akuda anayamba kukhala mofanana ndi azungu. Ayi ndithu abale. Zigawo zakumwera zinangobweretsa malamulo atsankho otchedwa Jim Crow: sukulu zosiyana, mipopi yomwera madzi yosiyana, m'basi wakuda azikhala kumbuyo, kuvota nako ankawatchinga ndi msonkho komanso mayeso owerenga, ndipo mu 1896 khoti lalikulu linavomereza kusankhanaku. Chimandiwawa kwambiri ndi cha Ruby Bridges, mwana wakuda wa zaka 6 amene mu 1960 ankalowa sukulu ya azungu ku New Orleans apolisi a boma atamuzungulira pomuteteza, panja azibambo ndi azimayi akumukuwiza. Lamulo loletsa tsankho m'malo a anthu onse linadzabwera mu 1964.