Katekisimu wa agogo anapita kuti?

Mwana wanga atalembetsa kalasi yoti adzalandire Ukaristia koyamba, agogo ake aakazi anandituma ntchito imene ndinkayesa yopepuka. Anati ndikawapezere katekisimu weniweni, uja wa mafunso ndi mayankho amene iwo anaphunzira ali buthu kumudzi, kuseri kwa Likuni. Ndinayenda m'masitolo angapo a mabuku a mpingo muno mu Lilongwe. Makolona analipo, mabuku a nyimbo ndi a mapemphero analipo, Baibulo osanena. Koma ndikatchula katekisimu wakale, wogulitsa ankandiyang'ana ngati ndafunsa mtengo wa mbaula ya m'zaka za atsamunda. Pamapeto pake bukulo linapezeka m'nyumba momwemo, pansi pa sutikesi ya agogowo, lokutidwa ndi pepala la thumba la shuga, chikuto chake chitathothoka kalekale. Chiswe chinadya ngodya imodzi, ndipo masamba ena a pakati kulibe.

Kungotsegula, munthu umaona kuti ndi la nthawi ina. Palembedwa "cifukwa" ndi "Cinyanja" popanda h, monga mmene ankalembera boma lisanasinthe dzina la chilankhulo kukhala Chichewa mu 1968 ndi kukonzanso malamulo a kalembedwe. Mwanayo anawerenga mzere umodzi n'kuyamba kuseka.

Kaphunzitsidwe kameneka sikanayambire kwathu kuno. Ku Ulaya, Martin Luther atatulutsa makatekisimu ake mu 1529, a Katolika anaona kuti nawonso akufunika buku lomveka bwino. Peter Canisius analemba lake mu 1555, ndipo msonkhano waukulu wa ku Trent utatha mu 1563, mpingo unatulutsa katekisimu wa ku Roma mu 1566, wolembera makamaka ansembe. Timabuku tating'ono ta funso ndi yankho tinafalikira m'madayosizi ambiri, ndipo ansembe amene anadzafika m'dziko muno anakulira pa timabuku totere. Anangobweretsa njira imene iwo eni anaphunzirira ali ana.

Ansembe a chipani cha White Fathers anayamba afika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma zinthu sizinawayendere, ndipo anachoka mu 1891. A chipani cha Montfort anatsegula Nzama ku Ntcheu mu 1901. Chaka chotsatira a White Fathers anabweranso, n'kukhazikika ku Mua ndi ku Chiwamba, kuno ku Lilongwe. Ku Chiwamba sanakhalitse, mu 1903 anasamukira ku Likuni, chaka chomwe anatsegulanso Kachebere ku Mchinji. Anapeza a mpingo wa Dutch Reformed (a Dachi) atazika kale mizu ku Mvera kuyambira 1889 ndi ku Nkhoma kuyambira 1896. Mpikisano wake unali wa sukulu: amene wayamba kumanga kasukulu ka udzu m'mudzi, mudziwo ndi wake. A ku Nkhoma nawonso anali ndi Katekisma wawo, choncho mwana wa Chiroma ankayenera kudziwa mayankho ake pamtima, kuti akakumana ndi mnzake wa kwa Dachi kudambo kapena pachitsime asachite manyazi. Mpake kuti mayankho ambiri m'mabuku akalewo ndi achidule, olimba, osapatsa mpata woti munthu atsutse.

Chinanso chimene chinaumba mwambowu ndi lamulo la Kadinala Charles Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha White Fathers mu 1868. Iye sankafuna ubatizo wachangu. Analamula kuti wamkulu wofuna kubatizidwa aphunzire zaka zinayi, pokhapokha ngati ali pafupi kufa. Zaka zinayi si masewera. Munthu ankayamba ndi Atate Athu ndi Tikuoneni Maria, n'kubwera malamulo khumi a Mulungu, malamulo a Eklezia, masakramenti asanu ndi awiri, kusiyana kwa tchimo lalikulu ndi laling'ono. Ubatizo ukayandikira, akalasi ankapita kukagonera kumishoni, atasenza ufa ndi ndiwo zawo, kukaphunzira ndi kugwira ntchito, kenako kuyesedwa ndi bambo mfumu. Wolephera ankabwerera kukadikira chaka china. Panalinso nkhani ya mitala ndi ya Nyau, zimene ansembe a nthawi imeneyo sankagwirizana nazo m'pang'ono pomwe, ndipo m'midzi ya Achewa mkangano wa kalasi ndi dambwe unagawa mabanja ndithu.

Apa mpamene pali yankho la funso langa lija. Bukulo likusowa lero chifukwa kuyambira kale si aliyense amene ankakhala nalo. Ansembe anali ochepa, ankafika kumudzi pa njinga patapita miyezi. Amene ankanyamula mpingo anali mphunzitsi wa m'mudzi, katekisiti, ndipo nthawi zambiri buku linali lake yekhayo. Iye ankaima pansi pa mtengo kapena m'katchalitchi ka zidina, n'kufuula funso, gulu lonse n'kuyankha pamodzi mokoka mawu ngati nyimbo, kubwereza mpaka zitalowa. Ambiri mwa ophunzirawo, makamaka amayi, sankadziwa kuwerenga. Katekisimu ankasungidwa m'mutu, ndipo pepala linali chikumbutso chabe cha mphunzitsi. Agogo athu anapeza lawo atakwatiwa kale, pamene makina osindikizira a ku Likuni, amene anayamba ntchito mu 1949, anachulukitsa mabuku a mpingo m'Chinyanja. Ngakhale Baibulo lathunthu la Akatolika, Malembo Oyera, lomasuliridwa ndi Bambo Louis Villy, linatuluka mu 1966. Kwa zaka zoposa 60 Mkatolika wamba wa kuno ankadziwa Mulungu kudzera mu katekisimu, mapemphero ndi nkhani za m'Baibulo zochita kusimbiridwa.

Zinthu zinatembenuka ndi msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965. Misa inachoka m'Chilatini n'kulowa m'chilankhulo chathu, wansembe anatembenukira kwa anthu, ng'oma zinalowa m'tchalitchi. Kuno ku Lilongwe kusinthako kuli ndi nkhope ya munthu mmodzi, Ambuye Patrick Kalilombe, amene analowa m'malo mwa Ambuye Joseph Fady mu 1972. Iwo anaitanitsa sinodi ya dayosizi, ya 1973 mpaka 1975, ndipo kumeneko n'kumene miphakati inakhazikika. Maganizo awo anali oti mpingo usamangodikira wansembe ndi katekisiti, koma akhristu a m'dera limodzi azikumana, kuwerenga Mawu a Mulungu, kukambirana, kuyendera odwala, ndi kuchitira umboni amene akufuna masakramenti. Boma la Kamuzu silinakondwe ndi timagulu tokumana m'makomo, ndipo episkopiyo anakakamizika kuchoka m'dziko muno, n'kutula pansi udindo mu 1979. Koma miphakati inatsala. Lero sungabatizitse mwana ku Maula, ku Mtima Woyera kapena ku Likuni komweko popanda kudziwika kumphakati kwanu.

M'kusintha kumeneku kuloweza pamtima kunayamba kuoneka ngati kwachikale. Maphunziro atsopano ankayambira pa moyo wa munthu ndi pa nkhani ya m'Baibulo, kenako chiphunzitso. Timabuku takale tinasiya kusindikizidwa monga kale, ndipo pepala m'dziko la chiswe, mvula ndi madenga odontha silikhalitsa.

Mkangano wake ukadalipo, ndipo ndimaumva pafupifupi Lamulungu lililonse tikatuluka Misa yoyamba. Akuluakulu amati ana a Tilitonse a masiku ano amadziwa kuvina ndi kuimba, koma ukawafunsa kuti sakramenti n'chiyani amangoyang'ana pansi. Aphunzitsi achinyamata amayankha kuti akale ankaloweza osamva tanthauzo. Ine ndimaona kuti akuluakuluwo akunena zoona kuposa mmene timavomerezera. Ndinaonapo gogo wina wodwala, woti sakuzindikiranso ana ake, koma mapemphero ndi mayankho a kalasi akutuluka bwinobwino osaphonya liwu. Komabe sindingafune kuti mwana wanga aphunzire ndi mantha a chikwapu, kapena kumva anzake a mipingo ina akutchulidwa ndi mawu okhadzula amene ali m'masamba ena a bukuli.

Roma nayenso anabwerera ku njira yakaleyo mwakachetechete. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe anadzacheza kuno mu Meyi 1989, anatulutsa Katekisimu wa Mpingo wa Katolika mu 1992, buku lalikulu la ndime 2,865 m'magawo anayi: chikhulupiriro, masakramenti, malamulo ndi pemphero, monga analili wa 1566 uja. Poona kuti ndi lolemera kwa munthu wamba, mu 2005 Papa Benedikito anatulutsa chidule chake, cha mafunso ndi mayankho 598. Onse awiri ali pa intaneti, pa tsamba la Vatican, ndipo makatekisimu akale a Chingerezi munthu amawatsitsa pafoni ulere. A Chinyanja akale ndiwo ovuta. Wowafuna afunse katekisiti wopuma ntchito, masisitere okalamba, kapena bambo mfumu wa parishi yakale ngati Likuni, Mua kapena Bembeke, ndipo apite ndi foni yojambula bwino, chifukwa mwini buku lotere sabwereketsa.

Ifeyo masamba osowa aja tinawapeza kwa agogo omwewo. Tinakhala pakhonde madzulo, mwanayo atagwira kope ndi bolopeni, ine ndikujambula mawu pafoni. Ndinkawerenga funso lomaliza tsamba lisanaduke, iwo n'kupitiriza okha, funso ndi yankho lomwe, akugwedeza mutu motsatira kayimbidwe ka mphunzitsi wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Pa gawo la ulimbitso anakakamira pang'ono, n'kutiuza kuti tibwerenso mawa akakumbukira.