Ulendo waulere wa oyendetsa ndege ndi wowawa

Anthu ambiri amati oyendetsa ndege ali pabwino, popita kuntchito amangokwera ndege ulele, mpando uli chikonzekere. Ku America sizili choncho. Ambiri amakhala kutali kwambiri ndi bwalo limene amayambira ntchito. Maola a ulendowo salipidwa, ndipo amapatsidwa mpando pokhapokha olipira onse akakwera n'kutsala malo. Ndege ikadzaza, amapempha kaputeni kuti akhale pa kampando kopinda ka m'chipinda choyendetsera ndege. Mnzawo akawatsogolera, basi, adikire ina. Poopa kuchedwa amanyamuka dzulo lake, n'kukagona m'nyumba zalendi pafupi ndi bwalo, anthu ambirimbiri pamabedi osanjikizana, wina akulowa pakati pa usiku, wina akudzuka m'bandakucha.

Pa 12 February 2009 ndege ya Colgan Air 3407 inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo, anthu 50 n'kufa. Wothandizira kaputeni, mayi wa zaka 24, ankakhala kufupi ndi Seattle koma ntchito ankayambira ku Newark, mbali ina ya dziko. Dzulo lake la ngoziyo, usiku wonse anayenda pa ndege zonyamula katundu, kudzera ku Memphis, n'kukapumula pampando m'chipinda cha ogwira ntchito. Malipiro ake anali ochepa, mtima umandipweteka ndikaganiza. Bungwe la NTSB, lofufuza ngozi za ndege ku America, linapeza kuti kaputeni analakwitsa pamene ndege inkataya liwiro, ndipo linati zikuoneka kuti kutopa kunasokoneza onse awiri.