Musanajambule chinjoka, dziwani kaye kuti chilipiridwa bwanji

Anthu ofuna kupanga gemu ya makadi amathamangira kujambula zinjoka ndi asilikali oopsa, koma ukawafunsa kuti osewera alipira chani kuti khadi limenelo litsike patebulo, amangoti zii. Chonsecho lamulo la mphamvu ndi lomwe limanena kuti khadi lalikulu lituluke liti, ndipo mukalilakwitsa ilolo olo zithunzi zikongole bwanji gemu imatha isanayambe.

Taonani Magic: The Gathering ya Richard Garfield, yomwe inatuluka mu 1993. Mphamvu yake imatchedwa mana ndipo imachokera ku makadi a land, umaika limodzi basi pa turn (nthawi yako yosewera) iliyonse, nde khadi lofuna mana 6 silingabwere koyambirira, umayenera kulidikira uku ukudziteteza ndi timakadi totchipa. Vuto ndi loti ma land aja asakanizidwa mu mulu omwewo womwe umatengamo makadi ena onse. Mu mulu wa makadi 60 anthu ambiri amaika ma land ngati 24, ndipo mukawerengetsa bwinobwino, pafupifupi kamodzi pa maulendo 7 aliwonse makadi 7 omwe umayamba nawo m'manja amabwera ndi land imodzi kapena opanda ndi imodzi yomwe. Munthu amangokhala wagwira makadi abwino m'manja osatha kuponya ngakhale limodzi, mnzake akumukwapula, ndipo zimawawa chifukwa sanalakwitse kanthu. Nchifukwa chake kuli lamulo la mulligan loti utha kubweza nkutenganso ena koma ukhala ndi ochepa.

Hearthstone ya Blizzard mu 2014 inangodula nkhani, mana imakwera yokha imodzi pa turn mpaka 10, palibe zokanika. Pokémon inasunga makadi a energy koma umawamata pa chilombo chimodzi, chikagwa energy ija yapita nacho limodzi, nde umaganiza kawiri usanaunjike zonse pamodzi. Yu-Gi-Oh! ilibe mana nkomwe, malire ake ndi normal summon (kutsitsa chilombo patebulo mwanjira wamba) imodzi pa turn komanso kupereka zilombo zing'onozing'ono kuti chachikulu chitsike.

Ine mtima wanga uli pa njira ya Duel Masters, pomwe khadi lililonse utha kulisandutsa mana. Tangoganizani muli ndi makadi 5 m'manja, limodzi ndi chinjoka chanu chija chofuna mana 7 koma pano muli ndi 2 yokha, mnzanu wayamba kale kuukira, kodi muchisunga kapena muchipereka kuti mupeze mphamvu lero? Apa ukaluza umadziwa kuti unasankha wekha, ndipo munthu wotero amafuna kubwereza gemu. Komabe musachotse mwayi onse, pena wongoyamba kumene amafunika apambaneko katswiri kuti asagwe ulesi.

Chomwe ndimaletsa kwambiri ndi khadi lopereka mphamvu yaulere. Black Lotus mu Magic siilipiridwa kanthu koma imapereka mana 3 nthawi imodzi, zomwe zimayenera kuchitika pa turn 4 zimachitika pa turn yoyamba, nchifukwa chake inaletsedwa pafupifupi m'mipikisano yonse kupatula mtundu wa mpikisano wotchedwa Vintage komwe amalola imodzi yokha. Mukalemba khadi lotere liyeseni ndi anzanu omwe amakonda kufufuza zibowo m'malamulo, ndipo akapambana nalo mnzawo asanaponye khadi lachiwiri, likwezeni mtengo kapena lichotseni ndithu.