Lamba wa wotchi amayamba kutha mkati

Makasitomala ambiri akamafuna lamba wa wotchi amangoyang'ana kala ndi kuwala kwa pamwamba basi, koma ife osoka malamba timayamba taganizira za mkati, mbali yogona pakhunguyo. Thukuta lili ndi mchere ndipo tsiku ndi tsiku limalowerera mchikopa, kenako chimauma gwa, kafungo kayambika, mapeto ake chimang'aluka pabowo lomwe mumakonda kumangapo lija.

Zikopa zimafufutidwa njira ziwiri zikuluzikulu. Pali veg tan, chofufuta ndi makungwa a mitengo, chimatenga masabata ambiri koma chimatuluka cholimba, m'mbali mwake mumasalala bwinobwino mukakhula ndipo chikamakalamba chimaderako mokongola, vuto lake n'loti madzi sichigwirizana nawo, kadontho kamodzi kasiya banga. Ndiye pali chofufuta ndi mankhwala a chrome, tsiku limodzi kapena awiri chatheka, n'chofewa komanso thukuta chimalipirira. N'chifukwa chake ine pamwamba ndimaika veg tan ya thole, mkati chrome ya thole kapena ya mbuzi. Cha mbuzichi ndimachikonda zedi, n'chopyapyala koma sichiduka wamba. Kungoti pali anthu ena chrome imawayabwa pakhungu, amenewo muziwafunsa kaye, mkati muwaikire veg tan.

Podula, dulani chakumsana. Chikopa cha kumimba chimatamuka, miyezi yochepa mabowo atalika, wotchi yayamba kuzungulira pamkono. Lamba yense mukamata zigawo ziwirizo akhale mamilimita 2 mpaka 3, ndipo popinda pomwe pamalowa kachitsulo kogwira wotchi pamafunika kupala mpaka kuchepera milimita imodzi, apo ayi pamatupa moti lamba salowa n'komwe.

Zikopa zokwera mtengo ziliponso. Shell cordovan imachokera kumatako a hatchi, kampani ya Horween ku Chicago imatenga miyezi yosachepera 6 kuifufuta, ndipo siichita makwinya osweka ngati zikopa zina. Cha ng'ona n'chokongola inde, koma malonda ake akamadutsa malire a mayiko amafuna mapepala a CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, musamangogula mwachisawawa.

Chomwe ndikuchondererani, musakomedwe ndi mawu oti genuine leather, sakuuzani kalikonse za ubwino wa chikopacho, ndipo bonded leather ndi zinyenyeswa zomata ndi guluu. Funsani full grain, chikopa chomwe pamwamba pake penipeni sipanapalidwe. Musanagule pindani kachidutswa pachala mwamphamvu, pamwamba pakachita timing'alu kapena pakasupuka ngati penti, chisiyeni chimenecho.